Zala Khumi ndi Dzino Limodzi la Tadala

Ndinanyamuka pa Dedza Lachinayi m'mawa, 6 koloko isanakwane, nditavala jekete ndi chipewa chaubweya ngakhale unali mwezi wa Okutobala. Mkazi wanga anandiseka pakhomo, nati pofika ku Golomoti zonsezo ndidzakhala nditazikolowekera pamkono. Sananame.

Chondinyamutsa chinali foni ya mlongo wanga Agnesi, amene anakwatiwa ku Mtakataka. Mwana wake woyamba, Tadala, ali ndi zaka khumi ndipo samva. Anabadwa bwinobwino, koma malungo aakulu anamugwira ali ndi zaka ziwiri, ndipo atachira makutu anatsala otseka. Amaphunzira pa sukulu yogonera komweko ya ana osamva, kufupi ndi Mua. Dzulo lake Agnesi anandiimbira.

"Achimwene, kwabwera kalata yochokera kusukulu. Akuti kwafika anthu a mano, ndipo akufuna kudinda zala za ana. Zala zonse khumi."

"Zala ndi mano zikugwirizana pati?"

"N'zimene ndikufunsa inenso. Bambo ake ali kunyanja, sabata yachiwiri ino, foni yawo sikugwira. Bwerani tikamutenge mwanayo. Sukulu imeneyi aisiye basi."

Ine ndine kalipentala, za mano sindizidziwa. Koma ndine malume wake wa mwanayo, ndipo nkhani yotere sungaithetse pa foni. Ndinasiya chitseko cha mwiniwake chili chosapala, ndinatseka shedi, n'kuuyamba ulendo.

Minibasi ya ku Ntcheu inanditsitsa pa Masasa, K3,000. Pamenepo m'pamene msewu wa ku Golomoti umapatukira kumanzere n'kuyamba kutsetsereka. Ndinakwera kagalimoto kaja kamene anakapangira anthu asanu ndi awiri, koma ife tinalowamo khumi ndi mmodzi, kuphatikizapo matumba awiri a kachewere ndi kabichi wopita kunyanja. Ine ndinakhala ndi tako limodzi, linalo linali pa ntchafu ya bambo wina wachikulire amene anandiuza kuti anapuma ntchito ya upolisi. Poti tinali titayandikana kale chotero, ndinaona kuti palibe chobisirana, ndipo ndinamufotokozera za ulendo wanga.

"Ife tinkadinda zala za akuba," anatero bamboyo. "Nanga mwana wa zaka khumi waba chiyani?"

Mayi wina wa kumbuyo, mwini kabichi uja, analowererapo. "Amayamba ndi zala, bambo. Mawa mudzamva kuti akufuna magazi."

Dalaivala sanacheuke. "Pa chiphaso cha unzika tonse tinadinda zala. Alipo anafa nazo?"

"Dikirani, zaka zake sizinakwane," anayankha mayi uja, ndipo galimoto yonse inaseka. Ine ndinaseka nawo, koma mumtima munali mutalowa kale kanthu.

Amene sanautsikepo msewu umenewu adziwe kuti umakhota ngati njoka yopondedwa mchira. Ukayang'ana pansi umaona chigwa chonse chayala, milambe ili apo ndi apo, ndi msewu womwewo ukukudikira m'munsi katatu. M'makhota ena anthu amagulitsa tigalimoto, tinjinga ndi tindege tamatabwa, ndipo monga mmisiri ndivomere kuti matayala ake amazungulira bwino kuposa a galimoto imene tinakwera. Tili pakati pa phirilo makutu anga anatseka. Mawu a bambo wapolisi uja ndinkawamvera kutali, ngati akuyankhulira m'chidebe. Ndinameza malovu kawiri, makutu n'kutseguka. Ndinakumbuka Tadala, amene wakhala akumeza malovu zaka zisanu ndi zitatu.

Pa Golomoti tinafika 9 koloko itangodutsa, K5,000, ndipo kutentha kunatilandira tisanatsegule n'chitseko chomwe. Jekete ndi chipewa zinapita pamkono. Ndinadya chipisi cha pachiwaya ndi kabichi wothira tsabola, nditaimirira, n'kutsitsira thobwa. Kenako ndinalowa m'kagolosale n'kugula maswiti a pamtengo, paketi yathunthu. Nthawi zonse ndikamapita kwa Agnesi ndimagula maswiti a Tadala. Ana enawo ndimacheza nawo, ndimawafunsa za kusukulu, timaseka. Tadala ndimamupatsa maswiti, iye amamwetulira, ine ndimamusisita kumutu, macheza athu n'kuthera pomwepo.

Minibasi yochokera ku Balaka kupita ku Salima inabwera itadzaza, koma kondakitala anati malo alipo, ndipo anawapezadi pa kathabwa pakati pa mipando. K2,500 mpaka pa Mtakataka. Msewu wa kunyanja ndi wowongoka koma m'mphepete mwake munadyeka, moti dalaivala akakumana ndi lole amayamba wapemphera. Tinadutsa pamene msewu wa ku Mua umapatukira, ndipo ndinaona akabaza ataima pamthunzi. Ndinalakalaka kutsikira pomwepo, koma kalata inali kwa Agnesi.

Hafu pasiti teni ndinamupeza pa benchi lake pamsika wa Mtakataka, akugulitsa usipa wouma. Anasiyira mnzake benchilo, tinapita kunyumba, n'kunditulutsira kalata m'Baibulo. Inali ya Chichewa chomveka. Inati adokotala a mano akuyeza mano a ana onse, ndipo akupemphanso kudinda zala za ana amene makolo awo alola, pofuna kuona ngati mizere ya m'zala ingasonyeze mwana amene mano ake savuta kubooka. Inanenanso kuti kholo lokana silikakamizidwa. Agnesi sadziwa kuwerenga kwenikweni. Anamuwerengera mnzake wa pamsika, ndipo mnzakeyo anathirako ndemanga zake.

"Apa sakukakamiza munthu," ndinatero. "Ukhoza kungokana, mwana n'kupitiriza sukulu."

Agnesi anapinda kalata ija.

"Si kalata yokhayi, achimwene. Mwana uja wasintha. Pa holide yapitayi sankadya. Ankangogwira khutu ili lakumanzere n'kumalira, nthawi zina kudzimenya mbama yekha. Tsiku lina ndinamupatsa tiyi, anangopsontha kamodzi n'kuponya kapu kukhoma. Ndinamukwapula. Sindinamukwapulepo chotero chibadwire chake."

"Kuchipatala sunapite naye?"

"Ndinamudonthezera mafuta ophikira m'khutumo. Amayi ena a kutchalitchi anandiuza kuti khutu likamapweteka chotero ndiye kuti likufuna kutseguka." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Ndinkamuyendera kumbuyo n'kumuitana dzina pang'onopang'ono, kuti mwina acheuka. Sanacheuke. Ndiye ndinaganiza kuti mwina kusukuluko akumuchita zina."

Ndinangoti tiye tikaone ndi maso.

Tinakwera kabaza wa njinga yamoto, tonse awiri pa njinga imodzi, K2,000 aliyense. Titasiya tala, msewu unayamba kukwera pang'onopang'ono kuloza kuphiri, fumbi likutitsata m'mbuyo. Tinadutsa amayi osenza nkhuni, odwala oyenda pansi kupita kuchipatala, ndi nyumba zakale za njerwa zofiira. Wakabaza anatitsitsa pa geti la sukulu 12 koloko ili pafupi.

Ndinkayembekeza kupeza malo a zii ngati kumanda. Ndinapeza phokoso loposa la pamsika. Ana ankaseka mokweza, ankamenya matebulo, ankaponda pansi mwamphamvu poitanana, ndipo panalibe wowauza kuti achepetse. Manja okhaokha ali m'mwamba, kukangana, kunenana, kusekana. Ambiri zala zawo zinali zakuda ndi inki, ndipo ankaonetsana monyadira. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga, wosamva zimene zikukambidwa ndinali ine.

Anatilandira ndi aphunzitsi a Tadala, Mayi Mbewe, mayi wamfupi amene amayankhula ndi pakamwa ndi manja nthawi imodzi ngakhale akuyankhula ndi ife akumva.

"Mwachita bwino kubwera. Takhala tikuimba nambala ya bambo ake, sikulowa."

Anatuma mtsikana wina, ndipo posakhalitsa Tadala anatulukira. Watalika, wafanana ndi malemu amayi athu. Koma tsaya lakumanzere linali lotupa. Ataona mayi ake anaima kaye patali pang'ono, kenako anabwera n'kugwada, n'kupereka moni wa dzanja. Ine ndinachita zimene ndimadziwa, ndinatulutsa maswiti aja. Anawalandira ndi manja awiri, anamwetulira mbali imodzi, n'kuwaika pa benchi osatsegula.

"Dzino lakumapeto, lam'munsi, linabooka mpaka kufika mkati," anatero Mayi Mbewe. "Atangobwera kuchokera ku holide anandiuza. Tinapita naye kuchipatala, anamupatsa mankhwala oti kutupa kuphwe, ndipo kwaphwako ndithu. Koma akuti n'lofunika kuchotsa, ndipo amafuna kholo likhalepo."

"Dzino?" anafunsa Agnesi. "Si khutu?"

"Dzino la kumapeto likamapweteka, ululu wake umakafika kukhutu. Ngakhale akuluakulu amasokonezeka nazo."

Agnesi anakhala pansi pa benchi paja. Mayi Mbewe anayankhula ndi Tadala ndi manja, ndipo mwanayo anayankha mofulumira, maso ake ali pa mayi ake. Aphunzitsiwo anazengereza pang'ono asanamasulire.

"Akuti anakuonetsani. Anakutsegulirani pakamwa kawiri, inu munaganiza kuti akupempha chakudya. Akuti tiyi uja anali wotentha, atafika pa dzinopo anamva ngati amubaya ndi msomali, kapu n'kupulumuka. Akuti sanaiponye dala."

Mlongo wanga si munthu wolira pagulu. Anangogwira pakamwa ndi dzanja, misozi n'kumadutsa pamwamba pa zala.

"Mufunseni ngati anandikwiyira," anatero.

"Muyankhule naye nokha, mayi. Bweretsani dzanja ndikuonetseni mmene timanenera kuti pepa."

Anamugwira dzanja n'kulipinda, n'kumuonetsa poliika ndi mmene angaliyendetsere. Agnesi anayesa, koma dzanja lake lozolowera kuwunjika usipa linachita zina. Tadala anayang'ana, anapukusa mutu, anabwera n'kugwira dzanja la mayi ake n'kulikonza, chala chimodzichimodzi. Agnesi anabwerezanso. Mwanayo anagwedeza mutu kuvomereza kuti tsopano zakhala bwino, kenako anakhala pambali pawo n'kutsamira paphewa. Ine ndinapita kukayang'ana mmene anakhomera mafelemu a mawindo.

Adokotala a mano tinawapeza m'kalasi ina, atayala zipangizo zawo pa tebulo la aphunzitsi: tigalasi ta m'kamwa, tochi, mapepala, ndi kabokosi ka inki konga kamene timadindira pa chisankho. Anali mayi wachitsikana, Mayi Kumwenda. Ndinawafunsa mosapita m'mbali, monga ndinalonjezera mlongo wanga, kuti zala za mwana akuzifuniranji.

Anatenga pepala lina lodindidwa kale n'kundipatsa galasi lokulitsa zinthu.

"Taonani apa, bambo. Mizere ina imazungulira ngati nkhata. Ina imapita n'kubwerera ngati khota la mtsinje. Ina imangokwera pang'ono n'kutsika ngati mzere wa m'munda. Mizere imeneyi imapangika mwana ali m'mimba, miyezi yoyambirira, nthawi yomweyo imene mano amayamba kuumbika m'kati mwa nkhama. Ndiye pali maganizo oti mwina poona zala tingadziwe mwana amene mano ake ndi osalimba."

"Ndiye mwapeza kuti n'zoona?"

"Sitinapeze kanthu, n'chifukwa chake tikufufuza. Mwina zigwirizana, mwina ayi. Zikapanda kugwirizana tidzalemba kuti sizinagwirizane."

Yankho limenelo linandikhazika mtima pansi kuposa china chilichonse. Pa ntchito yanga ndimaopa munthu wogulitsa matabwa amene amati onse ndi owuma.

"Nanga bwanji mwasankha ana osamva?" anafunsa Agnesi, mawu ali pansi.

"Chifukwa mwana wakumva, dzino likangoyamba kunyerenyetsa amanena, nyumba yonse n'kudziwa. Awa ambiri timawapeza dzino litatha kale. Tikanakhala ndi njira yodziwira msanga amene tiyenera kumamuyang'ana m'kamwa pafupipafupi, bwenzi ena tikuwapulumutsira mano. Pa pepala la zala sitilembapo dzina, timalembapo nambala, ndipo silipita kupolisi kapena kwina kulikonse. Mukakana, mano ake tiwasamalirabe chimodzimodzi."

Ndinapempha kuti ayambe adinda changa, ndione ngati n'zopweteka. Anandigwira chala chachikulu, kuchigudubuza pa inki, kenako pa pepala. Panatuluka chibanga chakuda chopanda mzere ndi umodzi womwe. Anayesa china, chimodzimodzi. Sandipepala wa zaka makumi awiri anafufuta zonse.

"Inu ndiye mano anu sitidzawadziwa," anatero adokotala akuseka. Kenako maso awo anagwera pa paketi ya maswiti ija, imene Tadala anali ataitenganso pa benchi paja. "Za zala sindinatsimikize, bambo. Koma za awo ndiye ndikudziwa bwino."

Ndinachita manyazi ngati mwana wogwidwa m'munda wa mzimbe. Ndinafotokoza kuti ine ndimabwera kawiri kokha pa chaka. Agnesi anati bambo ake nawo akachokera kunyanja amamugulira maswiti, agogo ake amamupatsa shuga wa m'manja, ndipo ngakhale wa golosale wa pafupi ndi kwawo amamuponyera kasiwiti kamodzi akamadutsa. Aliyense amamukonda mwanayo, ndipo aliyense amamuuza zimenezo ndi shuga. Adokotala sanatikalipire. Anationetsa katsukidwe ka mano a kumapeto, n'kunena kuti tikafuna kumugulira kanthu, mtedza ndi nthochi ziliponso pamsika.

Za zala zija, Agnesi anayang'ana ine, monga mwini mbumba. Ine ndinati timufunse mwini zala. Mayi Mbewe atamufunsa, Tadala anatambasula manja onse awiri nthawi yomweyo.

"Akuti anzake onse a m'chipinda chake adinda, iye yekha ndiye ali ndi zala zoyera ngati mlendo."

Panafunika kuti kholo lisaine pa kalata ija. Agnesi salemba dzina lake, choncho anachita zimene amachita kulikonse: anaika chala chachikulu pa inki yomweyo n'kudinda. Atachotsa chalacho anachiyang'ana, anayang'ana ine, tonse n'kuphulika kuseka. Tadala anadinda zake khumi mosamala, lilime lili panja. Adokotala anati zisanu ndi chimodzi ndi makhota a mtsinje, zinayi ndi nkhata. Tanthauzo lake palibe akulidziwa panopa.

Cha m'ma 2 koloko tinayenda wapansi kupita kuchipatala, Mayi Mbewe atatiperekeza kuti azimasulira. Tisanalowe anamufotokozera Tadala zonse zimene zichitike: jakisoni, tsaya kuchita dzanzi, kukoka, magazi pang'ono. Anandiuza kuti mwana wosamva amaopa kwambiri munthu wovala chophimba pakamwa, chifukwa nkhope ndiyo imamuuza ngati zinthu zili bwino. Wochotsa manoyo atamva zimenezo ankayamba watsitsa chophimbacho n'kumwetulira asanachite chilichonse. Agnesi anagwira dzanja la mwana wake mpaka pamapeto. Ine ndinayang'ana kudenga. Dzinolo litatuluka anatisonyeza: linali ngati chitsa chodyedwa ndi chiswe, chibowo chakuda pakati. Mwana anayenda nalo limenelo miyezi itatu.

Tinakhala panja pa mthunzi wa mtengo wa mango kudikira kuti magazi aleke. Za kumutenga kusukulu panalibenso amene anazitchula. Agnesi anafunsa ngati kholo lingaphunzire chinenero cha manja, ndipo Mayi Mbewe anati akhoza kumabwera Loweruka, azimuphunzitsa pang'onopang'ono. Tadala, thonje lili m'kamwa, anakoka dzanja la aphunzitsi ake, n'kundiloza, n'kuyendetsa manja.

"Akufunsa dzina lanu," anatero Mayi Mbewe.

"Dzina langa? Ine ndi malume wake. Ndinamunyamula ali ndi masiku atatu."

"Akudziwa kuti ndinu achimwene a mayi ake. Ali nalo dzina limene amakutchulani." Tadala anagwira kuseri kwa khutu lakumanja ndi zala ziwiri, pamene ndimapanira pensulo. Ndinagwirapo, pensulo inalipodi, ndayenda nayo kuchokera ku Dedza osadziwa. "Koma akuti dzina lenileni, lolemba, palibe anamuuzapo."

Ndinachotsa pensuloyo n'kulemba kuseri kwa chikuto cha buku lake la kuchipatala, zilembo zikuluzikulu: FABIANO. Analiwerenga ndi chala chake chakuda chija, kenako analinena ndi manja, chilembo chimodzichimodzi, n'kundiuza kuti ndimutsanzire. Ndinalakwitsa kanayi. Pomaliza anati dzinalo n'lalitali kwambiri, apitiriza la pensulo lomwe lija.

Ndinatsanzika 4 koloko ili pafupi. Agnesi anatsala kuti amugoneke kaye mwanayo. Kabaza ananditsitsira ku tala, minibasi inandisiya pa Golomoti, ndipo ndinapeza galimoto yomaliza yokwera phiri itatsala ndi malo a munthu theka, amene ndinali ine. Pa Dedza ndinafika usiku, kunja kutada kale.

Sindikudziwa ngati adokotala aja adzapeze zimene akufuna m'zala za anawo, ndipo ndikuwafunira zabwino. Ine ndinapita kumeneko ngati munthu wokagamula za moyo wa mwana wa mlongo wanga, ndipo ndinakapeza kuti mwanayo sankadziwa n'dzina langa lomwe. Zaka zonsezi ndinkati Tadala sayankhula. Amayankhula kwambiri, ndipo ali ndi nkhani zambiri. Kwathu kunalibe amene anaphunzira kumumvera.